Ndinafika pachipatala ndi ndodo yokha

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mawu awa akupezani. Dzina langa ndine Rosalina, ndimakhala ku Mpadue kuno ku Tete. Anzanga akamapereka umboni amanena za matenda kapena za ntchito imene inatha, koma wangawu ndi wochititsa manyazi. Ine ndinataya bambo anga ondibereka pamsewu, dzuwa likuwala, anthu akuona, ndipo chimene chinanditayitsa ndi foni yanga.

Ndimagulitsa makapulana, nsalu zimene ena mumati zitenje. Sitolo ndilibe. Ndimajambula nsalu n'kutumiza zithunzi m'magulu a pafoni, ofuna amandilembera. Ndiye munthu akandidzudzula ndinali ndi pothawira, ndinkangoti ndili pantchito. Koma kunena zoona ogula anali ochepa, zambiri zinali mavidiyo a anthu ovina ndi miseche ya m'magulu. Kubafa ndinkapita nayo nditaikulunga m'pulasitiki. Kutchalitchi ndinkaibisa m'kati mwa buku la nyimbo. Tsiku lina ndinagwera m'ngalande pafupi ndi pokwerera chapa, maminibasi athu a kuno, anthu n'kufa nazo kuseka, ine podzuka ndinayamba kupukuta foni ndisanaone kuti bondo likukha magazi.

Chaka chatha ababa anabwera kudzakhala nane kuchokera kumudzi ku Tsangano. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, ndipo amayi atamwalira panalibe wowasamala. Ameneyu ndi munthu amene anatithawitsa nkhondo kupita nafe ku Malawi ine ndili paphewa pawo, n'kutibweza kwathu mtendere utabwera. Tsopano sankatha kupeza okha khomo la chimbudzi. Ndikawaperekeza ankati, "Pepa mwanawe, ndakuvutitsa." Ine ndinkangoti palibe kanthu, maso ali pafoni.

Achipatala anatipatsa tsiku loti akawaone maso, mwina n'kuwachita opaleshoni. Inali nyengo yadzuwa, mvula isanayambe, ndipo amene mukuidziwa Tete mukudziwa kutentha kwake, phula limachita kuotcha kudzera m'sapato. Tinakwera chapa, n'kutsikira chapatali ndithu ndi chipatala. Poyenda tinkachita monga amachitira kwathu ndi munthu wosaona: ine patsogolo nditagwira nsonga ya ndodo yawo, iwo pambuyo atagwira nsonga inayo.

Tili pakati pa chigulu cha anthu, foni inanjenjemera. Mayi wina ankafunsa za nsalu. Kulemba ndi dzanja limodzi kunkandichedwetsa, ndiye ndinapanira ndodo ija m'khwapa kuti manja onse awiri akhale pafoni. Nditamuyankha, pansi pa uthenga wake panali vidiyo, ndinaika zomvera m'makutu. Pambuyo pa vidiyo imeneyo panabwera ina. Ndinkayenda ndithu, ndipo apa ndi apo ndinkanena osatembenuka kuti, "Ababa, pali mwala apa, kwezani mwendo." Ndinafika pageti la chipatala, mlonda n'kundifunsa amene akudwala. Ndinati ndi ababawa. Nditacheuka, kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Ndinali ndi ndodo yokha.

Abale anga, mtima unachoka m'malo. Ababa Chipwitikizi sadziwa, Chinyungwe cha kuno ku Tete amangomva mwa apo ndi apo, foni alibe, ndipo dzina la dera limene ndimakhala sankatha kulitchula bwino. Msewu umenewo ndi wodutsa magalimoto akuluakulu opita kumalire. Sindinkadziwa n'komwe pamene tinasiyanirana.

Ndipo taonani mmene chinthu ichi chinandigwirira. M'malo moyang'ana anthu, ndinathamanga kubwerera uku ndikulemba m'magulu kuti bambo anga asowa. Wina anati tumizani chithunzi chawo. Ndinafufuza m'foni monse. Munali makapulana, nsapato, makeke a anthu osawadziwa, nkhope yanga mbali zonse, koma chithunzi cha ababa munalibe ngakhale chimodzi. Ndinafika pomwe tinatsikira chapa, osawaona. Ndinabwereranso kuchipatala, mutu uli pansi, ndikuwerenga mayankho a anthu olemba kuti pepani. Kenako foni inatentha ngati mbale yochokera pamoto, n'kuzima.

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, pafumbi pomwepo, n'kulira mokweza ngati pamaliro. Galimoto iliyonse ikaliza hutala ndinkaona ababa ali pansi pa matayala. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinati Ambuye, munandipatsa maso awiri abwino, ine ndawakwirira m'kagalasi aka. Mundilange ine, koma munthu wosalakwa uja mumusunge.

Ndisanapukute misozi, wina anandigwira paphewa. Anali mayi wachikulire wonenepa, wogulitsa masau ndi madzi ozizira pansi pa mtengo tsidya la msewu. Anandilankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, pakuti nayenso anakhalapo ku Malawi nthawi ya nkhondo.

"Mwanangu, ndodo iyi mwini wake ali kwa ine. Wadutsa pano kawiri, wosadzutsa mutu."

Ndinawapeza ababa atakhala pa kreti kuseri kwa thebulo lake, atafunditsidwa nsalu yonyowa kumutu. Mayiyo anandifotokozera kuti munthu wokankha ngolo anadutsa pakati pathu, ndodo n'kupulumuka m'manja mwa ababa. Iwo anandiitana, ine osamva. Anayamba kutsatira phokoso la mapazi a munthu wina poganiza kuti ndi ine, mpaka anapezeka ali pakati pa msewu, manja ali m'mwamba. Mayiyo anasiya malonda ake, nathamanga n'kuwakoka malaya, galimoto yonyamula katundu ikudutsa pomwe anaimapo.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiitanire pamene ndinkadutsa. Anayang'ana ababa, kenako ine.

"Ndinawauza kuti uyo mwana wanu akudutsa ndi ndodo. Iwo anandigwira mkono. Akuti musiyeni, mwina watopa nane."

Mawu amenewo anandilasa kuposa chilichonse chimene chinachitika tsiku limenelo. Nthawi yonse imene ine ndinkathamanga, ababa anakhala pa kreti paja akukhulupirira kuti ndawasiya dala. Ndipo akanaganiza bwanji zina? Miyezi yonse ija m'nyumba mwanga ankalankhula ndi munthu woyankha kuti "ee, ee" asanamve funso. Ankamva ndikuseka ndekha, osawauza chimene chandiseketsa. Mayi uja anati atandiona nditakhala pafumbi ndikulira anawauza kuti, achikulire, munthu wotaya dala salira chonchi, ndikukamutenga.

Ndinagwada pamapazi pawo n'kuwauza zonse, osabisa za mavidiyo. Sanandikalipire. Anandisisita kumutu n'kungoti, "Basi, wabwera." Nthawi yathu ya kuchipatala inali itadutsa, ndipo tinadikira milungu ingapo kuti atipatse tsiku lina. Tsiku limenelo foni inatsala kunyumba, ndipo tinayenda nditakolowekera mkono wanga m'mkono mwawo. Anawachita opaleshoni diso limodzi, ndipo lero amaona ndithu, amapita okha kukagula buledi.

Sindikunamizeni kuti ndinachira tsiku limodzi. Milungu yoyamba dzanja linkapita lokha m'chikwama, ndipo ndikakhala chete ndinkamva ngati foni ikulira pamene sikulira. Ndinatuluka m'magulu ambiri, za malonda ndimayankha nditakhala pansi, ndipo pamsewu foni imakhala m'chikwama chotseka. Masiku ena ndimagwa m'chiyesochi, n'kudzukanso. Mayi wa masau uja, amene ndikudziwa tsopano kuti ndi dona Felismina, akandiona ndikudutsa amakuwa kuti, "Mutu m'mwamba, Rosa!" ndipo anthu onse apamenepo amaseka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anazimitsa foni yanga pa nthawi yake, n'kuika mayi uja pansi pa mtengo umene uja. Ndikuthokoza dona Felismina amene anasiya malonda ake chifukwa cha nkhalamba yosaidziwa. Inu amene chinthu ichi chakugwirani monga chinandigwirira ine, musataye mtima ndipo musachite manyazi kuchitchula m'pemphero, ngakhale chikuoneka chaching'ono. Yesani lero, mukalephera yesaninso mawa. Koma musadikire tsiku ngati langa, chifukwa si onse amene amapeza munthu wowakokera bambo awo pamsewu.

Chilonda china sichinapolebe, ndipo ndikupempha mundikumbukire m'mapemphero. Ngakhale diso lawo likuona, tikalowa pagulu la anthu ababa amaima, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Rosa, ulipo?" Ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, n'kuwayang'ana kumaso. Ndimati ndilipo, ababa. Ndidzayankha choncho mpaka tsiku limene adzasiye kufunsa. Ameni.