Amene Anatsegula Makatani Ndine

Olemekezeka mkulu wa sukulu ya ukachenjede ino, olemekezeka a Pulofesa amene munaphunzitsa mwana wanga, olemekezeka madokotala amene mwasiya odwala anu kuti mukhale nafe, amisiri amene mwamanga nyumbayi, ophunzira nonse, ndi inu anzanga a tsache ndi chikolopa amene mwaima kumbuyoko, ndakuonani. Amayi ndi abambo, ndikupereka moni kwa nonse.

Ine sukulu ndinalekezera m'kalasi yachitatu. Mawu awa ndinkachita kuyankhula, mkamwini wanga n'kumalemba ndi kundibwerezera mpaka nditawasunga pamtima, ndipo ndinamulumbiritsa kuti asathiremo mchere wake, komanso asamutsine khutu mkazi wake. Choncho mwana wanga, amene mwamupatsa udindo woyendetsa nyumba ino yopangira utoto wowala, akuwamva koyamba pamodzi ndi inu.

Ndinasesa ndi kukolopa makonde a sukulu ino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zitseko zake ndinkazidziwa ndi kulira kwake, koma sindinalotepo kuti tsiku lina adzandiitana kudzatsegula chimodzi ndi lumo m'manja. Zikomo pondikumbukira.

Za utotowu ndinena monga anandiphunzitsira mwana wanga. Amasakaniza maufa ndi timadzi m'botolo lagalasi, amatenthetsa, amatakasa, amasefa, amaumitsa, mwina mlungu wathunthu, n'kupeza kaufa kosadzaza ngakhale chikhadabo. Kaufako akakasungunula kamaoneka ngati madzi wamba, koma akakawalitsira nyali yake yapadera kamalandira kuwala kwa mtundu wina n'kubweza kwa mtundu wina, kobiriwira ngati kwa chiphaniphani. Akasintha kachinthu kamodzi popanga, mtundu umasinthanso. Utotowo umakamatira tizilombo ta matenda, ndipo dokotala akasuzumira m'makina ake amationa tikuwala, tilibe pobisala. Koma kuwala komweko kukachuluka kumaupha, monga dzuwa limasuwitsira nsalu. N'chifukwa chake amausunga mumdima.

Zonsezi ndikuzidziwa lero. Zaka khumi ndi zinayi zapitazo sindinkazidziwa.

Nthawi imeneyo mwana wanga anali m'chaka chake chomaliza. Mmawa wina mnzanga wa pantchito anadwala, ine n'kutenga makiyi ake. Ndinafika pa kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kamene pachitseko pake panali pepala lolembedwa zilembo zofiira. Kuwerenga sinditha, ndipo manyazi anandiletsa kufunsa. Nditalowa ndinapeza mdima wa bii, makatani okhuthala, fungo ngati la m'kabati. Ndinati, "Kodi ophunzirawa alibe amayi awo?" Ndinatsegula makatani onse. Pashelefu panali timabotolo khumi ndi tiwiri, tokutidwa ndi pepala lonyezimira lokhwinyata. Ndinasenda mapepalawo n'kuwataya, ndinapukuta timabotolo kamodzikamodzi, n'kutindandalika pazenera kuti tiwombedwe dzuwa. Ndinatuluka ndikudzitama kuti lero ndagwira ntchito.

Inde, sekani. Nanenso ndinkamwetulira, mpaka masana.

Masanawo mwana wanga anandipeza ndikutsuka ndowa. Nkhope yake inali itachita kugwa. Anati, "Amayi, m'kachipinda kaja mwalowamo ndinu?"

Ndinati, "Eya, ndipo uwauze anzako kuti uve si nzeru."

Sanakalipe. Anakhala pa ndowa yovundikira, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, ija inali ntchito yanga ya miyezi isanu ndi itatu."

Ndinati ndipita kwa a Pulofesa pompano. Iye anandigwira dzanja. "Mukapita akuchotsani ntchito, chifukwa wosesa saloledwa kulowa mmene muja. Nanga azing'ono anga atatu adya chiyani? Inu khalani chete. Ndinena kuti ndinaiwala ndine."

A Pulofesa, anabwera kwa inu n'kunena bodza limenelo. Munamudzudzula pamaso pa anzake kuti ndi wosasamala, ndipo simunalakwe, poti munaweruza zimene munamva. Anzake anavala mikanjo chaka chimenecho, iye anatsalira. Tsiku la mwambo wawo ine ndinkasesa holo yochitira mwambowo, iye ali m'kachipinda kaja kuyambiranso. Ndadya malipiro a bodzalo mpaka kupuma ntchito, ndipo mawu akuti wosasamala akhala akundilasa ngati munga m'nsapato.

Ndiye lero, pamaso pa anthu onsewa, ndikuchotsa mungawo. A Pulofesa, amene anatsegula makatani ndine. Amene anasenda timabotolo ndine. Mwana wanga sanaiwalepo kanthu chibadwire, kupatula kuchapa sokosi zake. Ngati mawu aja analembedwa penapake, chonde mukawafufute. Ngati pali chilango, ine ndaima pano, ngakhale kuti kundichotsa ntchito mwachedwa nako.

Iwe mwana wanga, usandiyang'ane choncho. Unandiletsa ndili wantchito, lero ndine mlendo wolemekezeka, ndipo mlendo wolemekezeka sadulidwa mawu.

Pa timabotolo khumi ndi tiwiri tija, khumi ndi kamodzi tinafa. Kachisanu ndi chiwiri kokha kanawalabe atakayesa ndi nyali. Mwana wanga sanataye nthawi ndi kulira: anafunsa kuti kameneka kapirira bwanji dzuwa, ndipo funso limenelo analilondola zaka ndi zaka, mpaka kupanga utoto wosafa msanga umene madokotala mwabwerera lerowu. Musati ndinathandiza ine, ayi. Ine ndinangowononga. Wotola nzeru pa zowonongekazo ndi iye.

Koma chimene chikundinyaditsa koposa ndinachiona dzulo, pamene ankandiyendetsa m'nyumbayi. Pachitseko chilichonse cha chipinda chamdima pali zilembo zofiira monga kale, koma pansi pake pali chithunzi cha dzuwa lodulidwa ndi mzere, choti ngakhale ine ndawerenga ndili patali. Ndipo anandiuza kuti aliyense wosesa muno, tsiku loyamba, adzalowa naye yekha mumdimamo, adzamuyatsira nyali ija, kuti aone ndi maso ake chimene akusamalira. Anzanga kumbuyoko, mwamva? Mukapeza pepala losawerengeka, funsani. Kufunsa kumatenga mphindi imodzi, manyazi anga anadya chaka cha mwana wanga.

Inu ophunzira, gwirani ntchito mofatsa, lembani chilichonse, ndipo muzipatsa moni amene amakukoloperani.

Tsopano ndipatseni lumolo. Ndi mphamvu zimene mwandibwereka lero, ndi mtima umene wapepuka, ine wosesa wakale wa makonde ano ndikulengeza kuti nyumba yopangira utoto wowala iyi yatsegulidwa. Chitseko ndatsegula. Makatani sindikhudza.

Zikomo kwambiri.