Ndinadikila nyenyezi, mvula inandipitilila

Monile mose, abale ndi alongo! Aleluya! Ine ndine amake Tiwonge, wa kuno ku Magodi.

Caka ca cilala cija sitinakolole kanthu. Amuna anga anapita kukagwila nchito ku mafamu a fodya, munda n'kundisiyila ine ndi mwana kumsana. Ndinali ndi mantha, abale. Ndinati caka cino ndisaphonyenso.

Pa msika wa Lundazi panali bambo wina wa buku la nyenyezi. Anati, "Mayi, munalephela cifukwa simudziwa nthawi yanu." Anandiphunzitsa njila zitatu. Yoyamba, mwezi umene unabadwa ndiwo umakupatsa nyenyezi yako. Yaciwili, ubzale mwezi wakumwamba ukamakula, osati ukamacepa. Yacitatu, nyenyezi iliyonse ili ndi tsiku lake. Langa linali Lacinayi. Laciwili anati ndisagwile ndi khasu lomwe.

Ndinazigwila zonse pamtima, poti ine kudikila ndimatha.

Mvula inagwa Laciwili, abale! Ndinakhala pakhonde. Lacinayi litafika, mwezi unali kucepa. Ndinadikila. Mwezi utayamba kukula, kumwamba kunauma milungu iwili. Njila zitatu zija sizinagwilizanepo ndi kamodzi komwe. Mlamu wanga ankadutsa pa njinga n'kumakuwa, "Alamu, nyenyezi zabwela kudzapalila?"

Ndinabzala cimanga ca anzanga cili m'mawondo. Canga cinafika pomasula ngayaye, mvula n'kutha.

Nkhokwe inali mbee. Tiwonge anaonda, tsitsi n'kufiila. Ku kiliniki anamuika pa sikelo, anesi n'kundionetsa kuti sikelo yatsika. Ndinalila njila yonse. Ndinati, Ambuye, mwanayu ndamupha ndine, ndi kudikila kwanga.

Koma Mulungu ndi wabwino! Nenani ameni!

Anabwela aNyaZimba, awo akhala kutsogoloko, atanyamula mbande za repu m'beseni. Anati, "Mwana wane, dzuka. Ndakudulila mbali ku dimba kwanga."

Ndinati, "Amama, lelo ndi Laciwili."

Anaseka mpaka kutula beseni pansi. "Ndiye mbandezi uziuze zidikile Lacinayi, tione ngati sizifota! Nyenyezi anazilenga ndani? Nanga Laciwili analilenga ndani? Tenga khasu."

Ndinaoka mbandezo tsiku lomwelo. Ndinathilila m'mawa ndi madzulo, osayang'ananso mwezi. Abale, repu uja anaphuka masamba ngati makutu a ng'ombe! Tinadya, wina ndinagulitsa pa msika n'kugula ufa ndi nshawa za phala. Mwezi wacitatu sikelo inakwela. Anesi aja anaomba m'manja.

Tiwonge ndi uyo akuthamangitsa nkhuku panjapo, simungamugwile. Amuna anga anabwelako, tili ndi dimba lathulathu, ndipo cimanga timabzala ndi mvula yoyamba. Yewo comene, zikomo kwambili, Ambuye Yesu. Yewo, aNyaZimba.

Mlongo amene alibe ndiwo kunyumba, mbande zilipo kwathu. Bwelani ndi beseni, tsiku lililonse. Ameni!