Shehe Idrisa Chitekwe ndi Nkhokwe ya Ana Amasiye

Malemu anabadwa pa mudzi wa Mtalika, kumunsi kwa Sharpevale, m'chaka cha 1901. Mafumu, mashehe, abale a mipingo ina ndi nonse mwadzatikhuza, amene tawagoneka apawa ndi Shehe Idrisa Chitekwe. Bambo awo, a Goliati Chitekwe, Mngoni wa ku Nsipe, anapita ku Halale kukafuna ntchito ndipo anatchona. Malemu ndi mlongo wawo Asiyatu analeredwa ndi mayi okha, Abiti Sumani.

Mu 1908 mayiwo anapereka malemu kwa Mwalimu Bwanali, amene ankaphunzitsa ana Kurani pakhonde la mzikiti. Mapepala kunalibe. Ankalemba pathabwa ndi inki ya mwaye, akaloweza n'kutsuka, n'kulembanso. Mwalimu anawakonda ngati mwana wobereka okha. Ankadya nawo mbale imodzi, ndipo pamaliro ankawaimika patsogolo kuti ayambitse nyimbo za sikiri, poti mawu awo anali okoma.

Mu 1912, chaka cha chilala, Abiti Sumani anamwalira. Achibale anapasula nkhokwe kuti aphike sadaka monga mwa mwambo. Anthu anadya, nabalalika. Pofika nthawi ya dzinja m'nyumba munalibe ndi gaga yemwe. Asiyatu, mwana wa zaka zisanu, anatupa miyendo, ndipo anatsirizikira kumsana kwa malemu, ali panjira yokapempha chakudya ku Nsipe.

Mu 1919 Mwalimu Bwanali anagulitsa mbuzi zawo zonse natumiza malemu ku Unguja, pachilumba cha Zanzibar, kukapitiriza maphunziro. Anayenda wapansi ndi amalonda mpaka ku Lindi, nakwera chombo. Kumeneko anakhala pamapazi a Shehe Hamisi, nkhalamba yosaona. Tsiku loyamba malemu analakatula sura yaitali ya m'Kurani osaphonya liwu. Nkhalambayo inangowafunsa tanthauzo lake, koma iwo sankalidziwa. Anayambiranso pansi ngati mwana, kuphunzira Chiarabu ndi malamulo a Chisilamu. Ndi komweko kumene anawerenga ndi kumva okha mawu a Kurani oletsa kudya chuma cha ana amasiye. Ankatiuza kuti tsiku limenelo analira ngati Asiyatu wamwalira m'mawa womwewo.

Anabwerera kumudzi mu 1926, ndipo mu 1927 anamanga banja ndi Abiti Rajabu. Anatsegula madrasa olandira atsikana ndi anyamata omwe, ndipo Kurani ankaimasulira m'Chinyanja ndi m'Chiyao. Ankalalikira kuti nkhokwe ya amasiye isapasulidwe chifukwa cha sadaka, ndiponso kuti maliro aziperekezedwa mwakachetechete, popanda nyimbo za sikiri. Ambiri anaipidwa nazo. Koma chimene chinawalasa mtima n'chakuti Mwalimu Bwanali anaimirira mumzikiti nanena kuti analera njoka, ndipo kuyambira pamenepo sanawayankhenso moni wa salamu. Chaka ndi chaka akakolola ankasiya dengu la mpunga pakhomo pa aphunzitsi awo, dengulo n'kubwezedwa lili lodzaza.

Mu 1941 Mwalimu atadwala mwakayakaya anaitanitsa malemu. Uthenga unawapeza ali ku boma ku Ntcheu. Anathamanga, koma anapeza atatseka kale maso. Chimene ankafuna kuwauza palibe akuchidziwa. Malemu ndiwo anasambitsa thupi la aphunzitsi awo.

Mu 1955 anayamba kudwala chifuwa chachikulu. Anagonekedwa ku chipatala cha mishoni ku Nzama, komwe masisitere anawasamalira bwino, koma ataona kuti mphamvu zikutha anapempha kuti abwerere kwawo. Atisiya dzulo Lachinayi, pa 7 Malichi 1957.

Asiya mayi athu Abiti Rajabu, ana anayi, Sumaili, Hawa, Yusufu ndi Mariamu, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Asiyanso ana a madrasa akhala pansi pa mtengowa. Iwo sakudziwa kuti mawa awaphunzitsa ndani, ifenso sitikudziwa.

Banja likuthokoza a Obed Kamwendo amene anawanyamula pangolo yawo kuchokera ku Nzama, amayi amene achezera ndi amasiyewa, ndi anyamata okumba manda. Kwa Allah tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Awakhululukire zolakwa zawo, awaunikire m'manda, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.