Malire a Kapitawo Sanali Awo

Malemu anabadwa pa 9 Febuluwale 1981, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya matayala. Mwini mawu awa ndine agogo awo, wobala mayi awo. Kusukulu sindinapondeko, choncho dzanja lolemba ndi pakamwa powerenga ndabwereka kwa aneba athu. Lero ndikuti "iwo" kwa munthu amene ndinkamupukuta mamina ndi nsonga ya nsalu yanga. Imfa ndiyo yawakuza. Ndineneretu chinthu chimodzi: m'chipinda chosungira katundu ndatsekeramo mphaka wa malemu. Ndamva manong'onong'o akuti maliro akatha mphakayo akatayidwe kutali, akuti ndiye watidyera munthu. Wina asamukhudze ndisanamalize.

Mayi awo anatisiya mu 1986, bambo awo anali atatsogola kale, ndipo malemu ndi mlongo wawo anatsalira m'manja mwanga. Anayamba sukulu mu 1987. Ndinkawaperekeza mpaka pageti ndikuwachenjeza za magalimoto, za madzi oima, za maswiti a anthu osawadziwa. Iwo anandipatsa dzina loti wailesi ya ngozi, akuti ndilibe batani lozimitsira. Sekondale anamaliza mu 1999, kenaka anakaphunzira zokonza mafiriji. Ndinakana ine, ndinati magetsi sadziwa kuti uyu ndi wamasiye. Sanandimvere, ndipo pamenepo anakhoza ndi iwo, chifukwa magetsi sanawapwetekepo.

Ntchito anayamba mu 2003. Pa 11 Okutobala 2008 anamanga banja ndi mayi amene akhala patsogolopa, osoka mayunifomu a sukulu, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri. Mu 2010 anatsegula shopu yawoyawo, kachipinda kopapatiza pakati pa ometa tsitsi ndi odula makiyi, momwe mafiriji ankandandalika zitseko zili yasa ngati odwala odikira dokotala. Amene munawakonzetsako mukudziwa kuti sanali munthu wongoganizira. Waya aliyense ankayamba amuyeza ndi mita yoyezera magetsi. Ankakonda kunena kuti chinthu chosayeza ndi mphekesera.

Mu 2014 anapeza kamwana ka mphaka katadzipinda kuseri kwa firiji yakufa. Anakatcha Kapitawo, chifukwa kankakwera pa firiji yaitali kuposa zonse n'kumayang'anira anthu akugwira ntchito, iko osakhudza kanthu. Ndinawachenjeza za zikhadabo, za ubweya m'chifuwa mwa ana. Anangoseka.

Mu Meyi 2021 Kapitawo anayamba kumwa madzi osakhuta, kukodza paliponse, kuwonda akudya. Dokotala wa ziweto anati ndi matenda a shuga. Ine ndinafunsa kuti mphaka anamwa liti tiyi. Malemu anamubweretsa kunyumba, anagula kamakina koyezera shuga wa ziweto, ndipo mankhwala a jakisoni anawaika m'firiji, pa shelefu yawoyawo, kutali ndi ana. Kuyeza kunali kwa m'mawa ndi madzulo, asanadye ndiponso asanabayidwe. Ntchito yanga inali kumufungatira m'thawulo pamiyendo panga. Iwo ankafunditsa khutu ndi kansalu kotentha pang'ono kuti magazi abwere, n'kulasa m'mphepete ndi kasingano, kadontho kakatuluka n'kukagunditsa pa kapepala ka makinawo, kenaka n'kupanikiza khutu ndi thonje akumupepesa. Ankati kuyezera kunyumba n'kwabwino chifukwa mphaka akachita mantha kuchipatala nambala imakwera yokha.

Manambala ine ndimawadziwa pomva, poona ayi. Dokotala anati kwa Kapitawo nambala izikhala pakati pa 5 ndi 14. Ikakwera kupitirira 14 kwa masiku angapo, dokotalayo aimbiridwe foni. Ikatsika pansi pa 5, jakisoni ayi, adye kaye, ndipo akayamba kudzandira apakidwe uchi m'nkhama. Malirewa anali a mphaka ameneyu yekha. Wina asachoke nawo pano kukayesera chiweto chake, ndakuchenjezani.

Tsopano tcherani khutu, pakuti apa ndi pamene panalowera imfa. Mu 2022 ndinayamba kuona malemu akuyenda ndi botolo la madzi paliponse. Lamba anamuboola bowo latsopano. Kuchimbudzi ndinapezako nyerere. Ndinalankhula, akazi awo analankhula, iwo ankati mzere wa kuchipatala umadya tsiku lonse la ntchito. M'mawa wina, titamaliza kuyeza mphaka, anati andiziziritse mtima. Analasa chala chawo, anaika magazi pa makina a Kapitawo, nawerenga 13. Anati, "Mwamvatu agogo, ine ndi Kapitawo tonse tili m'malire."

Ndikayambanso kudandaula ankabwereza zomwezo, ndipo zinkatuluka 12, 13, nthawi zina 14. Sankatinamiza. Ankakhulupiriradi, pakuti moyo wawo wonse mita inali isanawanamizepo. Mtima wanga unkakana, koma nkhalamba yosadziwa ndi "a" yemwe ingatsutse bwanji makina?

Mu Juni 2024 chitsulo chinawacheka kuphazi ali kushopu, ndipo sanamve kuwawa mpaka ataona magazi m'nsapato. Chilondacho chinakana kupola. Maso nawo anayamba kuchita chifunga, moti tinambala ta pa mita ankawawerengera ndi mnzawo wina wogwira naye ntchito kushopu. Pa 4 Novembala anagonekedwa m'chipatala. Dokotala atawafunsa ngati anayezetsapo shuga, anayankha monyadira, natchula manambala awo onse ndi makina amene ankayezera. Ine ndinali pomwepo. Dokotalayo anafotokoza kuti makina a ziweto sanapangidwire magazi a munthu, ndiponso kuti kwa munthu amene sanadye, 13 ndi nyumba yoyaka kale moto. Anati impso zinali zitatopa kalekale. Malemu anatembenukira kukhoma.

Anawadula zala ziwiri za kuphazi mu Disembala. Tinayembekeza, koma thupi linapitiriza kutupa, ndipo anatisiya pa 21 Januwale 2025, akazi awo atawagwira dzanja.

Anthuni, galu wamkota sakandira pachabe. Amene mukudzuka kangapo kukataya madzi, amene ludzu silikukutherani, amene muli ndi kachilonda kokakamira, pitani kuchipatala cha anthu, mukayezedwe ndi makina a anthu, akakuuzeni malire anuanu. Musabwereke malire a mnzanu, ngakhale a mkazi wanu, nanji a mphaka. Mlongo wawo wa malemu, ndikunena inu poyamba, musayang'ane pansi. Ana awiriwa ndiwatengera ndekha kukayezetsa. Mzere wa kuchipatala ndi wautali, inde, koma onani umene mwaima lerowu.

Za mphaka tsopano. Nthawi yonse imene malemu anali m'chipatala, mnzawo wa kushopu ankabwera m'mawa ndi madzulo kudzawerenga nambala ndi kubaya jakisoni, ine nditafungatira. Malemu ngakhale mawu atayamba kuchepa ankafunsabe kuti Kapitawo ali pa zingati. Akazi awo chichokereni tsiku lija dokotala anafotokoza sanamuyang'anenso mphakayo. Akamva kulira kwake ankatuluka panja. Ine sindiwaweruza, inunso musawaweruze.

M'mawa wa lero mnzawo uja anapita kukatenga thupi, ndipo anandisiyira jakisoni atathira kale mankhwala. Kapitawo anali asanadye chidzadzireni anthu m'nyumba. Ndinafunditsa khutu, ndinalasa, makina analira, koma nambala ndinangoyiyang'ana ngati nyerere zoyenda pagalasi. Kufunsa mlendo ndinaopa, pakuti sindikudziwa amene akufuna kumutaya ndi ati. Ndinatuluka jakisoni ali kudzanja ili, makina kudzanja ili, ndinapita pamene anakhala akazi awo, ndinawaikira makinawo pamiyendo. Anawayang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti awaponya kukhoma. Kenaka anati, "Ili pa 3, agogo. Musamubaye, mungamuphe. Uchi uli kuti?"

Anadzuka pakati pa azimayi olira, analowa m'chipinda chija, anagwada pakati pa makatoni, anamupaka uchi m'nkhama ndi chala chawo, anatsegula chitini cha chakudya, naimbira dokotala wa ziweto. Sananene kuti amusunga. Anangoti madzulo ndisayeze ndekha, ndiwaitane. Choncho amene muli ndi thumba lokamutayira, yambani mwapempha kwa mayi amenewa. Ine ndikuti mphaka sanapemphe malemu kuti agawane naye malire.

Malemu asiya akazi awo, mwana wamkazi mmodzi ndi wamwamuna mmodzi, mlongo wawo ndi ana ake atatu, komanso ine agogo awo, amene ndinkayenera kugona m'bokosimo iwo n'kumawerenga za ine. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, dokotala wa ziweto amene amayankha foni yathu osatopa, mnzawo wa kushopu amene sanaphonye, ometa tsitsi ndi odula makiyi amene atseka malo awo kuti anyamule bokosi, aneba athu ondilembera, ndi nonse amene mwadzatipepesa. Pobwerera muwoloke msewu mosamala, ndipo chitseko cha chipinda chija wina asatsegule.

Mdzukulu wanga, wailesi yanu ya ngozi inakuchenjezani za magalimoto, za magetsi, za zikhadabo, koma chimene chakutengani chinabwera ndi nambala yooneka bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere. Za Kapitawo musafunsenso, madzulo ano wondiwerengera alipo.