Bambo Rodgers Chulu ndi Miyala Yawo Itatu

Malemu Bambo Rodgers Chulu anabadwa mu 1968 m'mudzi mwa Mtelemuka, kwa Mfumu Kawaza, ku Katete. Anali oyamba mwa ana anayi a malemu Bambo Dingani Chulu ndi Mayi Mainess Daka, omwe akhala pamphasa apo. Banja linabwera ku Lusaka iwo akadali aang'ono, n'kukhala ku Kanyama, m'nyumba yomwe dzinja lililonse madzi amalowa osaodira.

Sukulu analekezera giredi 7. Tisanamize anthu pamaliro: sukulu sinawakonde, iwonso sanaikonde. Atayesa kuumba njerwa ndi kuitanira minibasi, amayi awo anatopa, n'kukawasiya ku Mandevu kwa Bambo Jumanne, Msilamu wa ku Mangochi yemwe ankameta ndi lumo lopinda.

Chaka choyamba sanakhudze tsaya la munthu. Ntchito yawo inali miyala yonolera basi. Mwala wokhakhala ndi wochotsa mano pa lumo, wapakati ndi wowongola, wosalala ndi womalizira, kenako lamba wachikopa. Posankha mwala ankaunyowetsa, n'kuugoneka pagalasi kuti aone ngati ukugwedera. Ukagwedera ankausiya, wogulitsa alankhule mpaka atope. Ponola ankaligoneka lumo lonse pamwala, msana ndi kukamwa komwe, osakanikiza. Akamaliza ankaliyesa pamkono wawo wamanzere, ndiye mkono umenewo unakhala wopanda ubweya moyo wawo wonse. A Jumanne atakalamba anawasiyira miyala yawo itatu.

Mu 1993 anakwatira Mayi Chipo Sakala, ndipo Mulungu anawapatsa Towela, Clive ndi Dumi. Anatsegula kanyumba kometera pamsika ku Kanyama. Anthu atayamba kuopa kubwerekana lumo chifukwa cha matenda, malemu anauza kasitomala aliyense kukhala ndi lumo lakelake, iwo kwawo kunola ndi kumeta. Anyamata ometa ndi makina ankawaseka kuti ndi achikale. Magetsi akazima, osekawo ankakhala pabenchi kukanda mafoni, mzere uli kwa a Chulu. Chuma sanachipeze, koma ana sanagone ndi njala. Chaka china madzi atalowa m'nyumba, anayamba kupulumutsa miyala, mabulangete akuyandama. Akazi awo nkhaniyi sanaiiwale.

Kumpingo sanali olalikira. Nyimbo ankaimba motsika, mwina n'kulakwitsa. Koma banja likaferedwa, tsiku lometa maliro ankafika ndi kachikwama kawo osaitanidwa, ndipo ambiri mwa inu mitu yanu anaigwirapo.

Chaka chatha anagwa pantchito chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo dzanja lamanja linafa. Tinazungulira nawo zipatala mpaka miyendo inatopa. Atabwerera kunyumba anapempha chinthu chimodzi: "Musakandiike ndi ndevu, ndipo makina asandikhudze." Clive ndi dalaivala, Dumi amakonza mafoni, lumo salidziwa. Yemwe ankalidziwa ndi Towela, mayi wa ana awiri, wogulitsa ndiwo pamsika, amene anakula akuthirira bambo ake madzi pamwala.

Koma Towela atatsegula kachikwama anapeza mwala wosalala uli ndi chigwa pakati. Wachibale wina wodzazonda matenda anaunolera chikwanje, poganiza kuti mwala ndi mwala. Dzina sititchula, akudzidziwa, ndipo ali pano. Mwala wotero lumo umaliwononga, limangozula ndevu m'malo modula. Towela anafunafuna wina m'tauni, koma yomwe anapeza inali ya mipeni ya kukhitchini. Malemu ankangoikhudza ndi chala n'kutembenukira kukhoma.

Ndevu zinakula. Munthu amene sanalowepo m'tchalitchi osameta anayamba kukana alendo. Azibusa akabwera ankafunda chitenje kumaso. Amayi awo anawakalipira kuti, "Iwe Rodgers, ndevu sizinaphepo munthu, lola Clive abwereke makina." Iwo anayankha kuti, "Amama, ndadikira mitu ya anthu zaka zonsezi. Nanenso mundidikire."

Towela anayala sandipepala pagalasi, n'kumakhula mwala uja ndi madzi akaweruka kumsika, zala mpaka kusupuka, bambo ake akumuyang'anira ali pampando pakhonde. Akaugoneka pagalasi n'kugwedera, malemu ankapukusa mutu, iye n'kuyambanso. Mlungu watha mwala unagona osagwedera. Loweruka Towela ananola lumo pamiyala yonse itatu, kulipititsa palamba, kuliyesa pamkono wake, n'kuwameta pakhonde pomwepo. Malemu anasisita tsaya ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Ukukanikiza pang'ono. Koma lumoli ladya." Lamlungu anapempha kuti azibusa alowe. Lachiwiri m'mawa anatisiya.

Amene mwaona nkhope mwaona nokha kuti apita monga anafunira. Tsono akubanja odzagawa katundu mumve lero, kuti mawa tisadzatopetsane: mpando, galasi ndi njinga mugawane mmene mungathere. Miyala musaifunse. Ili kale kwa mwini wake, Towela.

Malemu asiya akazi awo Mayi Chipo, ana atatu, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri, mng'ono wawo Eugene, ndi amayi awo, omwe ankayembekezera kuti mwana wawoyu ndiye adzamete anthu pamaliro awo.

Anatopa mokwanira. Apumule mu mtendere.