Mmene Chigafa Changa Chinasandukira Saluni

Chaka chija fodya anapita msanga ku okushoni, inu mukadali kupulayimale, m'chigafa muno mukusokera fodyamu munkamveka fungo la mafuta a tsitsi, ndipo ine mwini wake, ndi dazi langa lomweli, ndinali mlonda wa saluni. Mukuseka? Sekani, koma manja asaime, masambawo akufota. Iwe Yohane, singanoyo usaiike pansi, nkhani imamvedwa ndi makutu.

Kale kwathu kuno kunalibe saluni. Loweruka masana amayi ankayala mphasa, wina n'kuika mutu pamwendo pa mnzake, n'kumamangana tsitsi ndi ulusi wakuda, ndipo wofuna kuliwongola ankatenthetsa kachitini pamoto n'kumaliwotcha mpaka mudzi wonse kununkha ngati akuwaula nkhuku. Malipiro ake anali akuti mawa iwenso undimange. Koma masiku ano kuluka ndi ntchito ngati ntchito zina zonse, munthu amadyera pomwepo, kuvalira pomwepo, ndipo ikamuthera ndiye kuti wagwa nayo.

Mdzukulu wanga Tadala, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, ankagwira pa saluni ina pa boma. Mwini wake anali mayi wochokera ku Lilongwe, tonse tinkangoti Madamu. Saluniyo inali yooneka bwino, magalasi khoma lonse, zipewa zamagetsi zoumitsira tsitsi zili ndandanda, koma atsikana ogwira m'menemo ankaimirira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kudya kwake kobisalira, Lamulungu lomwe osapuma, ndipo mwezi ukatha malipiro ankabwera pamene Madamu akumbukira.

Tsiku lina Tadala anafika kuno manja ali m'chitenje. Agogo ake aakazi, a NaPhiri, anamupatsa kapu ya thobwa, iye n'kuipanira ndi zigongono. Nditamuuza kuti atulutse manjawo, ana inu, ine ndagwira fodya moyo wanga wonse, ndikudziwa mmene dzanja la wantchito limaonekera, koma zimene ndinaona ndinali ndisanazionepo. Matuza okhaokha, khungu losupuka, zikhadabo zakuda.

"Ndi mankhwala owongolera tsitsi aja, agogo," anatero. "Timapaka ndi manja. Magolovesi akuti ndi odula."

"Nanga mwawauza?"

"Tawauza mpaka tatopa. Ndiye tagwirizana tonse, mawa sitikalowa."

Komatu mwanayo analibe china m'manja mwake kupatula kulukako. Sukulu anasiyira panjira amayi ake atamwalira, munda wanga ndi uwu mukuuonawu, sungadyetse tonse. Ntchito ikanamuthera, akanabwerera kuno kudzakhala pakhonde, ndipo akanabwerera kuntchitoko chomwecho, manja akanatha. Zonse ziwiri zinali zowawa.

Kutacha atsikanawo anakakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi saluni. Sanaimbe, sanatukwane, anangokhala. Madamu anatuluka, makiyi akulira m'manja, n'kunena mokweza kuti msika wonse umve: "Oluka ali mbwee ku Lilongwe! Mukafuna khalani pomwepo mpaka mumere mizu." Ndipo sananame ayi, sabata isanathe minibasi inatsitsa atsikana ena atsopano, ovala bwino, zikhadabo zopaka.

Lamulungu lake a NaPhiri anamutenga Tadala kupita naye kutchalitchi, ndipo mapemphero atatha sanalalikire chilichonse, anangomuimika pakati pa amayi anzawo panja n'kumutambasula manja. Inu simukuwadziwa agogo anu aja akakwiya, satukwana, amangokhala chete, ndipo chete wawoyo ndi woopsa kuposa mkuwo. Amayi anayang'ana manja, kenako aliyense anadzigwira kumutu, poti ambiri a iwo tsitsi lawo linawongoledwa ndi manja omwewo. Mayi wina wogulitsa tomato anayamba kulira, akuti, "Ine ndimangoti mwanayu ngwaulemu, amaluka osayankhula, kani amaluma mano ndi ululu!"

Sabata yotsatira pa boma panali maduku okhaokha. Aphunzitsi, anamwino, amayi a mumsika, ngakhale atsikana amene duku amaliona ngati chilango, onse anamanga mitu. Tsitsi likafumuka, lifumuke, koma kwa Madamu ayi.

Koma duku silidyetsa munthu. Atsikana aja anayamba kuvutika, eni nyumba akugogoda, ndipo apa ndi pamene a NaPhiri anandipeza ndikusema mpini.

"Bambo, chigafa chija chili pululu."

"Chikudikira fodya wa chaka chamawa," ndinatero ine.

"Chidikire chili ndi anthu."

Ndinayesa kunena kuti chigafa ndi cha fodya, kuti anzanga andiseka, kuti utsi wa mafuta awo ulowa m'udzu wa denga, koma ndikuyankhula choncho iwo anali atayamba kale kusesa. Madzulo ake ndinadzipeza ndekha ndikutsitsa mikangala yoyanikapo fodya n'kukhoma mabenchi, ndipo kagalasi kanga kometera ndevu, kamene ndinali nditasiya kale kudziyang'anirapo, anakapachika pa nsanamira iyo watsamira Yohaneyo.

Anthu anabwera, ana inu! Paja kuchokera pa boma kufika kuno njinga sichedwa. Anyamata a kabaza ndiwo anatigwirira ntchito yaikulu, chifukwa mayi akatsika minibasi kuchokera ku Lisasadzi n'kunena kuti ku saluni, iwo ankangoti, "Mayi, njinga yanga njira ya kwa Madamu inaiwala, ikudziwa ya kwa a Mwale," n'kumutula pano, pakhomo pa ine Mwale. Wina ankabwera ndi mbatata, wina mtedza, wina ndowa ya thobwa, ndipo amayi achikulire amene anali asanalowepo mu saluni chibadwire anabwera kudzamangitsa ulusi dala, kuti atsikanawo asakhale manja lende. Muno munalibe magetsi, munalibe mankhwala, kunali kuluka kokha ndi nkhani. Ine ntchito yanga inali yothamangitsa mbuzi ndi kuuza amuna odikira akazi awo kuti akhale patali, ndipo m'masabata amenewo ndinamva zinsinsi za mabanja zimene ndidzapita nazo kumanda.

Manja a Tadala anayamba kupola. Koma musaganize kuti zonse zinali bwino. Madamu anali asanagonje, alendo odutsa ankalowabe kwawo, ndipo tonse tinkadziwa kuti fodya akadzabwera chigafa chidzafuna mwini wake. Mtsikana mmodzi anayamba kunena zobwerera kukapepesa. Ndiye panali ukwati waukulu, wa mwana wa mlimi wina wotchuka wa fodya, ndipo mkwatibwi ndi omuperekeza onse anali atalonjezedwa kale kwa Madamu. Madamu ankauza aliyense kuti ukwati umenewu ukangodutsa, maduku onse agwa okha. Ndipo zinali zoona, chifukwa amayi akanaona mkwatibwi atatuluka m'menemo akuwala, mitima ikanafewa.

Tsopano mvetserani, pali chinthu chimene Madamu sanachidziwe, kapena anachiiwala ku tauni. Kuno mayi sasiya tsitsi lake paliponse. Mukawafunsa amayi a kumpingo akuuzani kuti zimenezo n'zachikunja, iwo saopa kanthu, koma muwaone akangopesedwa: dzanja lafika kale pa chipeso, tsitsi lalowa pa mfundo ya chitenje. Atsikana athu anakulira momwemo, ndiye aliyense akamaliza kumukonza ankamukulungira tsitsi lake lothothoka m'kapepala n'kumupatsira m'manja, osanena kanthu, ngati chenji. Atsikana atsopano aja, osalakwa, ankachita za kwawo: kusesa la aliyense pamodzi n'kukakhuthula kuseri kwa saluni.

Lachisanu ukwati uli mawa, gulu la mkwatibwi linafika pa saluni, ndipo patsogolo panali azakhali ake a mkwatibwi, mayi wamkulu thupi wochokera ku Simlemba, amene pokwiya Chichewa chimawathawa. Anapempha kokataya madzi, anawalozera kuseri. Kumeneko anapeza mulu wa tsitsi la anthu, mphepo ya mwera ikuliuluza kupita kumsewu, nkhuku ikupalasa pamwamba. Amene analipo akuti mkuwo wake unamveka mpaka kokwerera minibasi.

"Yayi! Yayi! Mwana wane mawa akulowa m'banja, tsitsi lake likagone pa dzala, aliyense wodutsa atoleko? Dzuka iwe, tiyeni!"

Madamu anayesa kuwagwira mkono, akuti zimenezo n'zachikale, tsitsi ndi zinyalala basi. Pamenepo ndi pamene anaonongeratu. Azakhali anangowayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Kasi ŵana ŵara mudawathamangitsa ali kuti?" Akabaza anali atandanda kale panja, mabelu akulira.

Ine ndinali apa ndikukonza benchi, ndinangomva nthungululu kumsewu. Kutukula maso, njinga mzere, mkwatibwi patsogolo thaulo likadali m'khosi, kumbuyo amayi a mumsika atasiya malonda awo akuthamanga ndi maduku awo. Tadala anaimirira, anayang'ana manja ake, kenako anandiyang'ana ine. Ndinati, "Luka, mwana wanga." Anamuluka mkwatibwi uja pansi pa denga la udzu lomweli, anzake akuluka operekeza, amayi akuimba nyimbo za ukwati, ndipo kutacha m'tchalitchi anthu ankasuzumira mutu wa mkwatibwi kuiwala mkwati. Ine ndinakhala kumbuyo, ndinalira, sindibisa, ndipo a NaPhiri anandipatsa kansalu osandiyang'ana.

Lolemba galimoto inaima apo pali mthethepo. Anatsika Madamu. Chigafa ndi chachifupi, mukuona nokha, aliyense wolowa amawerama, ndiye nawonso anawerama. Anakhala pa benchi langa lokhomedwa mokhota, amayi atawazungulira, ndipo Tadala ananena zofuna zawo mosakweza mawu: malipiro pa tsiku lake, mpando woti munthu apumirepo, nthawi ya kudya, Lamulungu kupuma, magolovesi. Anawonjezanso kuti atsikana a ku Lilongwe aja asathamangitsidwe ngati agalu, ofuna kukhala akhale, poti nawonso anabwera kudzafuna chakudya. Madamu anakanakana pa za Lamulungu, koma amayi atayamba kukonza maduku awo mwakachetechete, anavomera zonse pamaso pa anthu.

Tinkaganiza kuti zatha, koma mayiyo sananyamuke. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anamasula mpango wonyezimira umene anamanga kumutu. Ana inu, tsitsi linali litamera pansi, lolimba ngati chisa cha mpheta! Kani masabata onsewa nawonso sanalole kuti mlendo awagwire mutu. Amayi anadziluma milomo, ena anatulukira kuseri kukaseka.

"Tadala," anatero motsitsa mawu, "tangondikonzako pang'ono."

Tadala analigwira tsitsilo, analitembenuza bwinobwino, n'kunena mwaulemu wake wonse: "Madamu, tsitsi ili likufuna mankhwala, ndipo mankhwala akufuna magolovesi. Akabwera, mudzakhala oyamba."

Galimoto ija inapita ku sitolo isanapite kunyumba.

Ndiye inu amene mukukula masiku ano, mwina mudzalemba anthu ntchito, mwina mudzalembedwa. Sindikuuzani zambiri, ndine mlimi chabe. Koma munthu akakugwirirani ntchito, akakulukani, akakusokerani fodya, akakupalasirani njinga, muzimufunsako mmene wadzukira, ndipo tsiku limene adzakhale pansi n'kunena kuti zandikwana, musamudutse ngati simukumudziwa. Atsikana aja paokha akanatha sabata imodzi. Anapambana chifukwa tsiku lililonse ankatukula maso n'kuona kuti kukubwera anthu.