Chitchaina Chapambali

Atachapa matewera, kuperekeza mwana wamkulu kusukulu ndi kugula chinangwa, Zunilda anaima pa siteji ya basi mumzinda wa Ciudad del Este, khanda lili m'manja. Patsogolo pake mayi wonyamula thumba la nsapato ankacheza ndi bambo wina wachipewa.

"Mwana wangatu ali ku yunivesite, bambo. Amaphunzira zamalonda, Chitchaina n'chapambali chabe."

"Chitchaina? Aaa mayi, ndiye azidzadya zilembozo?"

"Tayamba kale kudya! Amene ankatiodera nsapato ku China uja anatitaya, shopu inatsala pang'ono kutsekedwa. Dzulo Liduvina wanga anaimba yekha foni kufakitale. Katundu akubwera."

"Anamvana nawo?"

"Mpaka kuseka! Kumeneko 'kugula' ndi 'kugulitsa' ndi liwu limodzi, kusiyana kwake n'kukweza ndi kutsitsa mawu. Nditati ndiyeseko, mwana anandilanda foni, amvekere, 'Amayi, mukugulitsatu shopu!'"

"Hehede! Ndiye zapambalizo amaphunzitsa ulere?"

"Ulere uli kuti? Zadya makina anga osokera, ndolo zaukwati, ndi dzino ili lomwe sindinaikitse. Koma mawa shopu ndikutsegula, bambo. Mubwere, nsapato zanuzo zaseka."